Kamwezi ka Achimwene

Lolemba, 3 Marichi

Bambo akadali m'chipatala. Mwendo watupa mpaka m'bondo, fungo lake losaneneka. Adokotala ati shuga wawononga, audula Lachisanu la sabata yamawa. Ndawasambitsa, ndachapa zofunda, kenako ku saluni kukaluka anthu ndi manja omwewa. Sopo sakuchotsa kanthu.

Ndalembera achimwene. Ndaimba. Zii.

Bambo akuti sakufuna kulowa kokadulidwako asanaone mwana wawo wamwamuna. Andifunsa ngati wayankha. Ndati ali pamsonkhano.

Lachitatu, 5 Marichi

Pansi pa mameseji anga kwa achimwene pakumatuluka kachithunzi ka mwezi ndi timawu ta Chingerezi totuwa. Mwina ndi zokongoletsa. Foniyi ndi yawo yakale, anandipatsa atagula ina, mtundu wofanana. Tsiku limenelo analengeza mpaka aneba anamva kuti mlongo wawo amusamala.

Makasitomala awiri ndawabweza chifukwa cha nthawi yoonera odwala. Mwini saluni wayamba kundiyang'ana cham'mbali.

Bambo afunsanso. Msonkhano womwewo.

Lachinayi, 6 Marichi

Ndadziwa tsopano.

Kunabwera mayi wina wogulitsa mafoni kudzalukitsa. Ndili pakati pamutu ndinamuonetsa kamwezi kaja. Anaseka kaye, atandiona nkhope n'kusiya. Wati munthuyo wazimitsa kulira kwa foni yake. Mameseji amafika ndithu, palibe za netiweki apa, koma foni siilira, siinjenjemera, siiyaka. Amangounjikana ngati zovala zakuda, mwiniwake n'kumawaona akafuna.

Ndinafunsa ngati anditsekera. Wati ayi, ndipo mawu ake sakundichoka: "Akanakutsekerani bola, mukanadziwa chimodzi."

Ndinafunsanso ngati achitira ine ndekha kapena aliyense. Wati kumbali yanga sindingadziwe. Kenako wandilozera timawu tina pansi pake. Ndikadina pamenepo, foni yawo ilira, afune asafune.

Ndinamukoka tsitsi mpaka anafuula. Ndapepesa.

Loweruka, 8 Marichi

Ndaimbira alamu anga. Mawu okoma ngati nthawi zonse. Ati achimwene mutu umawapweteka akamva za chipatala, ndiye awauza bwinobwino akapumako. Ndawafunsa za kamwezi. Ati iwo sanakaonepo, chifukwa achimwene anasankha anthu ochepa oti foni izilira akalemba: iwowo, abwana a ku ofesi, ndi makanika wa galimoto. Anena izi akuseka, ngati nkhani yonyaditsa.

Makanika amadutsa. Ine wam'mimba imodzi ndimaima panja.

Amati chibale ndi fupa, sichiola. Amene ananena zimenezo abwere adzanunkhize.

Lamlungu, 9 Marichi

Timawu tija sindidina. Ndalumbira. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, mpaka ndimuumirize kuti amve zoti bambo ake akudulidwa mwendo? Mameseji ali m'thumba mwake. Maso ali nawo.

M'wodi lero kunadzaza anthu. Mkulu wa bedi loyandikana ana ake anabwera onse, ena mpaka kukhala pansi. Bambo anangotembenukira kukhoma. Chakudya sanakhudze.

Bambo ati mchimwene wanga ndi munthu wa udindo, tisamamuvutitse. Ndinali nditagwira beseni la mkodzo wawo pamene amanena zimenezi.

Lachiwiri, 11 Marichi

Mwini saluni wapereka mpando wanga kwa wina mpaka zinthu zitakhala bwino. Sindinalimbane naye. Lendi ikudikira, mankhwala ena ati tikagule kunja.

Ndakhala pabenchi ya panja pa wodi ndikuyang'ana kamwezi kaja. Kooneka kofatsa, kaulemu. Wopanga mafoni anaganiza bwino: kunyoza munthu popanda kumutukwana.

Anesi ati bambo akakana kusaina pepala lovomera kudulidwa, matenda akwera m'ntchafu. Bambo akuti asaina akabwera mwana wawo. Ine kaya ndine mwana wa ndani.

Lachinayi, 13 Marichi

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa uno ndadina.

Ndisanabwezere foni m'chikwama yankho linali litafika: "Ndili pamsonkhano, chavuta n'chiyani?" Ndinaseka ndekha pakhonde mpaka wokolopa anandicheukira. Bodza langa lomwe lija, achita kulitola.

Ndinangolemba kuti awerenge zapamwambazo.

Masana anatulukira. Suti, perefyumu, botolo la juwisi m'manja. Munthu wa shuga kumubweretsera juwisi. Anaima chapazenera, kansalu pamphuno ngati ali ndi chimfine. Bambo anadzuka okha, anthu oti sabata yonse ndimachita kuwanyamula. Anawagwira dzanja, misozi chuchuchu. Nanenso m'maso munadzaza, sindikana. Pepala lija anasaina pomwepo.

Ndinatuluka kukatsuka beseni kuti acheze. Pobwera ndinapeza bambo nkhope yakugwa.

"Iwe, nkhani yaikulu chonchi osamuuza mchimwene wako? Wati wangomva lero."

Achimwene amayang'ana nsapato zawo. Foni inali m'dzanja langa, mameseji onse momwemo ndi masiku ake. Ndikanangotembenuza galasi. Koma munthu mawa akupita pampeni, ndimulande chokhacho chimene chamusekeretsa?

Ndati pepani bambo, ndinaiwala.

Lachisanu, 14 Marichi

Adula. Atsitsimuka bwino. Achimwene sanabwere, alamu ati kuntchito kwavuta.

Lolemba, 24 Marichi

Tili kunyumba. Bambo kuchipinda kwanga, ine pamphasa pabalaza. Bala ndikutsuka ndekha. Aliyense wobwera kudzawaona akumuuza kuti mwana wawo anasiya msonkhano waukulu n'kuthamangira kuchipatala. Botolo la juwisi aliika pazenera, ati ndisalitaye.

Kamwezi kabwerera pansi pa dzina la achimwene. Kanangochoka tsiku limodzi.

Lero ndafufuza m'foni mwanga mpaka ndapeza pamene amayatsira. Nkosavuta, ngakhale mwana angathe. Umasankha oti azidutsa, ena onse zii. Ndinayamba kuganiza oti ndiwalole. Mwini saluni. Anesi. Basi.

Chala chili pomwepo. Koma amene amandidzutsa ine sagwiritsa ntchito foni.

Ndi awo akuitana. Ati ndikawatembenuze, msana wawawa. Ati ndikamaliza ndimulembere mchimwene wanga, ndimuthokoze chifukwa cha juwisi, ndipo ndilembe mwaulemu, osati ngati... Akuitananso.