Ndowa ya Bi Mwantumu

Lolemba, 6 Okutobala

Pakhosi palibe kanthu. Adokotala alowetsa kapaipi ka kagetsi kudzera m'mphuno, ayang'ana, ayang'ananso. Palibe chotupa, palibe bala. Nditatuluka ndinakhala pansi pa mtengo wa mango. Milungu itatu yonseyi ndimagona ndi mantha a opaleshoni. Ndagula chinangwa chokazinga cha tsabola wambiri, ndadya chonse ndekha. Koyamba kumva kukoma kwa chakudya chichokereni ku ukwati wa ku Makorora uja.

Koma m'basi pobwerera, ganizo lina. Ngati khosi lili bwino, chinatseka mawu tsiku lija n'chiyani?

Ndilembe mmene zinalili, poti sindinauzepo munthu. Zaka ziwiri ndili pa mpando wa ovomereza m'gulu lathu loimba nyimbo za taarabu m'maukwati. Akazi asanu pamzere, tili khale. Pamenepo mawu anga amangotuluka okha ngati madzi apampopi. Tsiku lija a Kibwana, eni gulu, anandipatsa nyimbo yangayanga. Ndinaimirira. Ndime yoyamba bwinobwino. Kenaka amayi anayamba kubwera kudzafupa, ndalama m'mwamba, akuvina pang'onopang'ono mpaka pafupi ndi nkhope yanga. Khosi linangoti gwa. Zuwena, mnzanga wa pamzere, anadzuka pampando n'kumaliza nyimboyo.

A Kibwana akuchepetsa ovomereza. Atsala atatu, ndipo aliyense azitha kuimirira n'kutsogolera nyimbo. Pa 25 pali ukwati ku Chumbageni, phwando la amayi la masana. Anati, "Saumu, mawu ako ndimawafuna, koma mpando suimba. Ukadzaumanso khosi, tidzasiyana bwino." Tikasiyana, ndibwerera kokatsuka mbale za eni. Ntchito ina sindidziwa.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndapita kwa mayi wina wachikulire, Bi Mwantumu, ku Ngamiani. Anaimba zaka makumi anayi, tsopano amaphunzitsa pakhonde pawo. Mano atsala ochepa, khutu lakuthwa.

Anandiimbitsa ndili pampando. Anagwedeza mutu. Anati imirira, yambanso. Sindinafike pakati. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ndikaimirira mapewa amakwera kukafika m'makutu, chibwano kutsogolo, ngati nkhuku yonyowa ndi mvula.

Anandifunsa ngati kwathu ndinkatunga madzi. Kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anandituma kudzaza ndowa yawo yachitsulo, nsalu anaipinda nkhata, ndinasenza. "Tsopano imba. Ukanditayira madzi pakhonde ukolopa."

Ndinaimba. Ndili chiimire! Munthu wosenza ndowa sangakweze mapewa, sangatulutse chibwano. Khosi lowongoka, mpweya kutsikira m'mimba wokha. Mawu anatuluka aakulu mpaka wogulitsa nsomba anaima ndi njinga yake pamsewu. Madzi anatayika kamodzi kokha, pa mawu apamwamba aja.

Zochita kunyumba: kuuzira kapaipi m'botolo la madzi ndikung'ung'udza, m'mawa ndi madzulo. Madzi ozizira ayi. Kukhosomola poyeretsa kukhosi ayi. Ndowa andibwereka.

Pamene ndimachoka anati, "Khosi ndikonza. Koma ku ukwati supita ndi ndowa, mwanawe."

Lachisanu, 10 Okutobala

A Kibwana ananditumiza kwa alamu awo, a Shomari. Amathandiza osewera mpira pa za maganizo, makamaka magoloboyi oopa penate. Ndimayesa ndikapeza zofukiza ndi mankhwala. Kachipinda chabe kuseri kwa sitolo, mipando iwiri, fani yolira.

Anafunsa zochepa. Sanandifulumize. Sanayang'ane wotchi. Anthu ambiri ndikakhala chete amayamba kundilankhulira. Awa ayi.

Anafunsa chimene ndimaona ndikaimirira. Ndinati maso. Anafunsa, a ndani?

Sindinadziwe kuti ndinena. Zinangotuluka. Bi Rukia. Ndinawagwirira ntchito ya m'nyumba kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, nditangosiya sukulu. Tsiku lina ndikutsuka mbale ndikuimba, osadziwa kuti abwera. Nditatembenuka, ali pakhomo la khitchini, atalidzaza lonse, akungondiyang'ana. Nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ndinalemba wantchito, sindinagule wailesi." Basi. Sanandimenye. Koma kuyambira pamenepo ndimaimba pokhapokha ndili pakati pa ena, kapena ndili pansi pomwe munthu sandiona bwino.

Ndinalira pang'ono. A Shomari anangokankhira madzi pafupi.

Andiphunzitsa ziwiri. Mantha akabwera ndisakoke mpweya, ndiyambe ndautulutsa wonse, winawo ubwera wokha. Ndipo zala za kumapazi zigwire pansi. Akuti goloboyi woganiza za khamu la anthu wagoletsa kale. Andipatsanso ntchito: Loweruka la sabata yamawa ndikapite kumene gulu lina likuimba, ndisamvere nyimbo, ndikangoyang'ana kumene maso a ofupa akuloza.

Ndinatuluka wopepuka, ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Bi Mwantumu atamva za a Shomari anafwenthera. "A mpira aja? Ndiye uzikaimba ndi mapazi?" Patapita kanthawi, akusenda adyo, anafunsa mwakachetechete kuti anandiuza chiyani. Nditanena za kutulutsa mpweya anati zimenezo iwo anazidziwa a Shomariwo asanamere mano.

Dzulo a Shomari nawo, nditawauza za ndowa, analemba m'kabuku kawo. Akuti ayesa pa goloboyi wawo wina wokweza mapewa. Sindinawauze Bi Mwantumu. Angafune malipiro.

Lero ndowa theka. Kenaka yopanda madzi. Kenaka nkhata yokha. Nkhata itachoka mapewa anayambanso kukwera. Anandimenya ndi chikupizo paphewa. Kawiri.

Lendi yayandikira. Diresi ya pa 25 ndibwereka kwa Zuwena, ndingoipinda m'munsi.

Loweruka, 18 Okutobala

Ndapita. Zuwena anandiperekeza, akuti ndekha ndikanathera pageti. Tinakhala pambali penipeni pa oimba, pomwe nkhope za obwera kudzafupa zimaoneka.

Woimba anaimirira, nyimbo yonyoza mkazi wolanda mwamuna wa mnzake. Amayi anadzuka. Ndinayamba kuyang'ana mmodzimmodzi.

Woyamba, ndalama m'mwamba pamutu pa woimba, koma maso ali kumzere wachitatu kwa mayi wa diresi yobiriwira. Wachiwiri akugwedeza dzanja kuti zibangili zagolide zioneke. Wachitatu akuyang'ana woyamba uja. Wa diresi yobiriwira naye anadzuka, ndalama ziwiri, kudutsa pafupi ndi mdani wakeyo mpaka mapewa kukhudzana. Ndinayang'ana nyimbo zinayi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuyang'ana woimbayo kumaso. Anangomupanikiza ndalama m'dzanja maso ali kwina.

Zaka ziwiri ndili kumbuyo kwa oimba, mutu uli pansi, sindinazionepo.

Ndinamuuza Zuwena. Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Iwe umayesa amabwerera iweyo? Ndiwe mtengo wa magetsi chabe, mwali. Amangofuna poonekera."

Ndinaseka mpaka misozi, mpaka mayi wina anatitembenukira. Zuwena akuti aka n'koyamba kumva kuseka kwanga, ndipo n'koipa.

Lachinayi, 23 Okutobala

Kuyeserera komaliza. A Kibwana anapangana ndi a Shomari osandiuza. Ndili pakati pa nyimbo, oimba zida anasiya zida n'kubwera ndi mapepala m'manja, akuvina chachikazi, kundizungulira. Wa ng'oma anamanga mpango kumutu. Ndinatulutsa mpweya, zala pansi, ndowa ya m'maganizo pamutu. Ndinamaliza. A Kibwana sanayamikire, anangoti tiyeni ina. Kwa iwo kumeneko ndiye kuyamikira.

Tikulongedza ndinamva akutchula dzina la mkwatibwi. Nuru. Mwana wa Bi Rukia. Ndinkamuperekeza kusukulu, ndinkamuluka tsitsi.

Ndinakhala pa bokosi la sipika. Chumbageni. Kumene Bi Rukia amakhala. Ndikanayenera kuganiza.

Ndinawaimbira foni a Shomari. Ndimafuna anene kuti nawonso Bi Rukia sadzandiyang'ana. Sananene. Anati, "Amenewo akhoza kukuyang'ana ndithu, sindikunamiza. Koma tsiku lija unalibe kanthu m'manja. Pano uli ndi zitatu. Tchula." Ndinatchula. Mpweya, zala, ndowa.

Bi Mwantumu sanafune nkhani yaitali. Akuti iwo anaimbapo pa ukwati wa mwamuna wawo ndi mkazi wachiwiri, ndipo sanaphonye liwu. Andipatsa tiyi wa jinja.

Chakudya chakana kulowa.

Lamlungu, 26 Okutobala

Zatha.

Dzulo dzuwa linali lamphamvu, matenti oyera, amayi odzaza bwalo. Nyimbo yanga inali yachisanu. Ndinaimirira. Ndime yoyamba. Ofupa anabwera, maso awo kwina monga ndinaonera. Mtengo wa magetsi, ndinadziuza, ndipo ndinatsala pang'ono kumwetulira.

Ndime yachiwiri anthu anapatuka kupereka njira kwa mayi a mkwatibwi. Anabwera okha, osavina. Anaima patsogolo panga. Maso pa ine, osaphethira. Omwe aja.

Khosi linayamba. Ndinalimva likutseka ngati chingwe cha thumba. Polowera panga panadutsa. Wa vayolini anabwereza. Kumbuyo ndinamva mpando wa Zuwena ukukhwekhwereza. Ndinatulutsa mpweya wonse mpaka m'mimba kuphwa. Zala zinagwira nsapato. Ndinasenza ndowa yodzaza, yachitsulo ija, mpaka kuimva kuzizira kwake pamutu. Mpweya unabwera wokha. Ndinalowa.

Ndipo munthu wosenza ndowa sawerama, choncho ndinawayang'ana ndili chiwongokere. Ndi aafupi. Amandilekeza paphewa. Zaka zonsezi ndimawakumbukira atadzaza khomo.

Anaima mpaka ndime itatha. Anandiika ndalama m'dzanja, anasendeza pakamwa kukhutu kwanga. Ndinakonzeka kumva chilichonse. Anati, "Wanenepa, Saumu." N'kubwerera kumpando wawo.

Mawu apamwamba aja ndinawagwira nthawi yaitali kuposa kale lonse. Osataya dontho.

Zuwena akuti diresi ndisabweze, yandikhala kuposa iye, koma ndimugulire soda mwezi wonse. A Kibwana anadandaula za polowera pomwe ndinachedwa, kenaka anati Loweruka ku Muheza nyimbo ziwiri. Ziwiri! A Shomari ndawatumizira uthenga. Ayankha mawu amodzi: wagwira.

Ndagona mpaka dzuwa kulowa m'chipinda. Ndatsuka mbale zanga pakhomo, chitseko chili pululu. Sindinadziwe kuti ndikuimba mpaka mayi a chipinda choyandikana atatulutsa mutu pawindo. Akuti chaka chonse amayesa muno mumakhala munthu wosalankhula. Ndinafuna kusiya. Sindinasiye.

Masana ndinanyamula ndowa kukabweza. Bi Mwantumu aikana. Akuti nyimbo ziwiri si imodzi, mawa ndifike m'mamawa, ndipo ali ndi ndowa ina yaikulu yoti ndisenze.