Boti la Alamu Anu Lauma

Kaseye,
Chitipa.
19 Okutobala, 2024.

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana onse ku Nkhotakota kumeneko. Kuno moyo ulipo, koma mtima wanga suli m'malo. Pafoni ndinangokuuzani kuti alamu anu, bambo a Lusungu, atuluka m'chipatala ndipo malungo aja atha. Zimenezo n'zoona. Zotsalazo sindikanatha kuzinena iwo ali chogona kuchipinda, khoma lokha litatilekanitsa, n'chifukwa chake ndagwira cholembera.

Mukukumbukira mmene anapumira pantchito yawo yoyendetsa boti lonyamula odwala kunyanja kuja. Amuna a anzathu akapuma amabwera ndi malata, ena ng'ombe. Awa anabwera ndi boti lomwelo, lamatabwa, pa lole, poti eni ake anali atalitaya kuti lakalamba. Ku Chitipa kuno, achemwali, kumene ambiri madzi ochuluka amawaonera m'mgolo. Analikhazika pamitengo kuseri kwa khola la mbuzi, n'kulifunda lona, basi n'kusamukiramo. Nyumba ya njerwa imene ndinavutika nayo ndi kamalipiro kauphunzitsi anangoisandutsa kodyera.

Moyo wawo unali umenewo. Kukacha ankakolopa, kupukuta kazenera ka kachipinda kogona, n'kuwiritsa tiyi pambaula momwemo. Kenako ankagwada ndi kachitsulo ndi nyundo, go, go, go, kukhomera thonje m'mipata ya matabwa n'kumatapo phula. Lero msomali wachita dzimbiri, mawa chiswe chayesa mwayi, ntchito yosatha. Chimene chinkandinyansa kwambiri ndi madzi. Pansi pa matabwa opondapo sipankauma. Ankakatunga okha kumjigo, munthu wa imvi, pamzere wa amayi, n'kudzathira m'botimo. Ndikafunsa ankangoti, "Mayi a Lusungu, boti limamwa." Ine ndinkati ndi ukalamba chabe. Ndisakubisireni, botilo ndinkalida ngati mkazi mnzanga.

Atadwala ndinawadikirira kuchipatala masiku oyambawo, kenako mng'ono wawo Esau anadzandilandira chifukwa cha mwendo wangawu. Nditafika pakhomo ndinapeza alamu anga a Dinah, mlongo wawo uja, atakwera kale m'boti. Anatukula thabwa limodzi n'kundiitana. Madzi ake obiriwira, tizilombo tikuvina mmenemo.

"Yayi mulamu," anatero a Dinah, "munthu angagone pamwamba pa chithaphwi? Malungo ake ndi amenewa."

Ine ndinaona kuti akunena zoona, ndipo mwina ankanenadi zoona. Tinaitana amayi anzathu akutchalitchi kuti bambo akadzatuluka adzapeze malo a munthu. Tinakapa madzi onse. Thonje lakuda lija la m'mipata tinati ndi nsanza zosungira nsikidzi, tinalizula lonse ndi masipoko a njinga. Tinachotsa lona kuti dzuwa lilowe, ndipo mukulidziwa dzuwa la mwezi uno. Tinaikamonso mbaula kuti muume msanga. Patangopita masiku ochepa matabwa anayamba kulekana, mipata n'kumakula tikuona. A Dinah anati zimenezo n'zosavuta, nyumba ikang'aluka amaizira. Tinapita kudambo, achemwali. Tinalizira boti ndi dothi lakuda, m'mbali n'kukongoletsa ndi lofiira, uku tikuimba. Ine ndinayala ndi chitenje chatsopano pogona pawo.

Tsiku lotuluka, Esau anawabweretsa panjinga yamoto. M'nyumba sanalowe, analunjika kuboti, tonse tili pambuyo kudikira kuyamikiridwa. Anakwera makwerero aja pang'onopang'ono n'kutsikira mkati. Dothi lathu linali litayamba kale kugwa. Dzuwa linkalowa m'mipata yonse, mizeremizere pa buluku lawo. Anawerama n'kupisa dzanja pakati pa matabwa awiri, ndipo ine amene ndinali panja ndinaona zala zawo zinayi zitatulukira kunja kuno. Zinakhala pamenepo nthawi yaitali.

Ndinayembekeza kuti akalipa. Ayi ndithu. Anatsika, anapatsa moni mayi aliyense, n'kuti, "Yewo, mwagwira ntchito." Kenako anafika pakhomo la nyumba yawo yomwe n'kunena kuti, "Odi."

Achemwali, chimene ndinkapempherera chija chinachitika, mwamuna wanga ali m'nyumba, pabedi lathu. Koma si munthu amene ndinkamufuna uja. Amagona choyang'ana kukhoma. Phala amangolawa. Akafuna kukhala pampando amayamba afunsa ngati uli ndi mwini wake. Malungo sanawaondetse mmene awaondetsera masiku amenewa, ndipo ndikuopa, ndikuopa kwambiri.

Lamulungu lapitali ndinalephera kupirira. Ndinakhala pansi pambali pa bedi n'kuti, "Bambo a Lusungu, tandikalipirani, ndipume."

Anayankha osatembenuka. "Sindinakwiye. Thabwa la boti likanyowa limafufuma n'kugwirana ndi linzake. Likauma, boti lafa. Inu mukanadziwa bwanji, poti sindinakukwezenimo ndi tsiku limodzi lomwe?" Kenako anati, "Zaka zonse zija inu munali ndi nyumba ino, ine ndinkangobwera patchuthi ngati mlendo. Kwathu kunali mmuja."

Ndakhala naye munthuyu mpaka kumera naye imvi, koma zimenezi ndinazimva tsiku limenelo.

Ndiye panopa amene akuima pamzere wa kumjigo ndi zidebe za boti ndine, ndi mwendo womwewu. Amayi amandiseka, amati matenda a alamu anu a Silungwe ndi opatsirana. Ndimawasiya aseke. Vuto linali loti ndikathira, madzi onse ankangodutsa ngati ndathira m'dengu, mbuzi n'kumamwa pansi. Ndinachita zimenezo masiku angapo, misozi ili m'maso. Dzulo m'mawa, ndikukweza chidebe, ndinamva mawu pazenera la kuchipinda.

"Osathira choncho. Kokolani dothi lonse kaye, muyale masaka onyowa, mubwezeretse lona. Thabwa limwe pang'onopang'ono."

Sindinacheuke, ndinaopa kuti abwerera kukhoma kuja. Ndinangoti, "Chabwino." Masana anadya nthochi ziwiri osakakamizidwa. Panja sanatulukebe, ndipo ngati matabwawo adzagwiranenso, iwonso akuti sakudziwa.

Pempho langa ndi ili. Mupite kwa amisiri okhoma maboti kumeneko, mukandipezere thonje lawo lija, phula, ndi misomali yamkuwa yosachita dzimbiri. Mukapatsire wa basi ya ku Karonga, Esau akazitenga. Neti yoteteza udzudzu ndagula kale, yaikulu, yokwana anthu awiri. Musandifunse zambiri pamenepo. Lusungu musamuuze chilichonse, angabwere kudzawatenga bambo ake kupita nawo kutauni, ndipo kumeneko ndiye angakathere.

A Dinah akupereka moni. Sakubwera kuno masiku ano, koma dzulo anatumiza masaka asanu. Esau nayenso akuti moni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa adzukulu onse.

Alamu anuwa ndawafunsa ngati ali ndi moni woti ndilembe. Anena kuti, "Muwauze lisakhale thonje la kuchipatala. Likhale lopota, ndipo atumize lambiri, poti okhoma tikhala awiri." Moni wawo ndi umenewo, achemwali, ndipo ine ndaulandira ndi manja awiri.

Ndine mng'ono wanu,
Tionenji

Pepani pepalali lanyowa m'mphepete. Ndalembera m'boti.