Chinkhwe Wanga ndi Dzanja Lomwe Munalimanga

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ine mwana wanu Fabiano, mwini digiri ya ku Zomba, ndikupereka dandaulo pa mlandu wa dzanja langa lamanzere, lomwe inu munalimanga kumbuyo ndi chitenje ndili ndi zaka zisanu, mukuti, "Wodyera kumanzere sadya ndi anthu." Ndakhala chete zaka makumi atatu. Lero mundimva.

Koma poyamba za kumudzi. Mlongo wanga Agnesi wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, ndipo kulongolola wayamba kale. Kachewere wa kudimba kwanu wachita bwino, ngakhale ogula a pa Chimbiya akufuna tiziwapatsa ulere. Denga la khitchini likudonthabe pomwe paja.

Tsono mlandu uja. Mphunzitsi wa zojambula pasukulu pathu anatengedwa pagalimoto mwezi watha, ndipo palibe wafunsa komwe ali. Ahedi anandipatsa ine kalasi yake, ndi buku la mbalame lomwe wansembe wina wa ku Bembeke anasiya. Ndinasankha chinkhwe. Milungu iwiri ndinali kuphunzira: kadzira ka mutu, dzira lalikulu la thupi, mlomo wokhota. Lachiwiri ndinamujambula ndi makala papepala lalikulu, ndi dzanja lamanja lomwe munandisankhira inu, n'kumupachika m'kalasi.

Lachinayi kunafika a Chimtengo, tcheyamani wa chipani kuno. Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kufunsa, "Aphunzitsi, tambala wakudayu mwamudwalitsa chitopa chifukwa chiyani?"

Amayi, mwini wake wa tambala wakuda m'dziko muno mukumudziwa. Ndinati ndi chinkhwe. Iwo anati chinkhwe wopindika khosi chotero sanamuonepo, ndipo abweranso Lolemba ndi anzawo a kuboma kuti ndidzajambule iwo akuona.

Anawatsina khutu ndani? Ahedi akundimwetulira kwambiri masiku ano. Alamu anga, amuna a Agnesi, ayamba kumwa mowa kwa a Chimtengo, chikhalirecho ankati ndi wowawasa. Ngakhale akatekisiti anandifunsa ngati ndimakonda nkhuku. Paja munkati, "Munthu akakusekera ndi mano onse, kawerenge mbuzi zako." Ndawerenga, Amayi. Yatsala ndi ine ndekha.

Dzulo masana ndinatseka chitseko, n'kugwira khala ndi lamanzere. Poyamba dzanjalo linazengereza ngati laona mthiko wanu. Kenako linangoyenda lokha. Amayi, chinkhwe anatuluka! Diso lamwano lija, mlomo wake, zala ziwiri kutsogolo ziwiri kumbuyo. Ndinakhala pansi misozi ili chuchuchu, osadziwa ngati ndikulirira mbalameyo kapena inu.

Choncho Lolemba ndijambula ndi lamanzere pamaso pa aboma. Mukafuna kutembenuka m'mandamo, tembenukani mwakachetechete. Kuno chilichonse chogwedezeka amachinenera.

Chipukuta misozi chomwe ndikulamula ndi ichi: mundibwezere zaka makumi atatu za dzanja langa, pamodzi ndi zinkhwe zonse zomwe likanajambula. Komanso Lolemba lisanafike mukawayendere a Chimtengo kutulo, mutanyamula chinkhwe wamoyo, awalume mphuno kuti amudziwe.

Kalatayi ndiiwotcha ndikangomaliza, poti a positi amawerenga ndi za akufa zomwe. Utsi ukupezani. Ndikapulumuka Lolemba ndidzabwera kudzalambula pamanda panu. Khasu ndidzaligwira ndi lamanja, musade nkhawa.

Ndine mwana wanu wokukondani, wodandaula pamlanduwu,
Fabiano