Mbewu Zimene Ndinakwirira

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi adzukulu anga. Kodi chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Ine ndilipo, kungoti mawondo ayamba mwano.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni ndimangokamba za mvula. Nkhani yake ndi ya mbewu zija unatumizira amayi ako atayamba kudwala, za maluwa a dezi, oyera m'mbali, achikasu pakati.

Ndinawakhomera kabokosi n'kukaika pawindo la kuchipinda. Iwo anawaza timbewu tija pamwamba pa dothi, n'kungotisindikiza ndi chala. Anandiuza kuti ndisakhudze, mbewu zimenezi sakwirira, zimafuna kuwala. Ine ndinaseka. Ndinati chibadwire sindinaonepo mbewu yosiyidwa pamtetete ngati chakudya cha nkhuku.

Liuma langa ukulidziwa. Tsiku limene anapita kuchipatala kukalandira mankhwala, ndinatapa dothi n'kukwirira bwinobwino. Ndinkati ndikuwathandiza. Maso awo anali atafooka, sanazindikire.

Sizinamere. M'mawa uliwonse ankadzikoka mpaka pawindo n'kuthirira ndi sipuni. Patatha mwezi anandionetsa zikhatho zawo, amvekere manja awo anafa kale, ngakhale mbewu zadziwa. Kuyambira tsikulo sanayang'anenso bokosilo, kudyanso kunayamba kuvuta. Ine ndinali pomwepo, ndikuona zonsezi. Ndinachita manyazi, mwana wanga. Ndinkati ndiulula akapezako bwino.

Mwezi watha ndinapeza kapepala ka mbewu kaja m'thumba la juzi yawo, muli zotsala pang'ono. Ndinawaza monga anachitira iwo, osakwirira. Masabata awiri okha, bokosi lonse biriwiri. Ndinakhala pansi n'kulira mokweza, mpaka aneba anabwera kudzagogoda.

Papepalapo analemba kuti maluwa ake amabwera chaka chachiwiri. Ndikuthirira, koma kuyang'ana nthawi yaitali sindikutha.

Suja pamaliro unandithokoza pamaso pa anthu kuti ndinawasamalira bwino? Mawu amenewo akundisowetsa mtendere. Manja a amayi ako analibe vuto, wolakwa ndinali ine, ndipo anapita osadziwa. Iwo sindingawauzenso, ndiye ndauza iwe. Ngati ungandikhululukire, undiyankhe. Ngati sungathe, undiyankhebe, ngakhale mondikalipira.

Mulungu akusunge. Upereke moni kwa amuna ako ndi kwa ana. Anawo usawauze kaye, amandiyesa munthu wabwino.

Ndine,
bambo ako