Mzere womaliza wa nyimbo ya Khirisimasi

Lachinayi, ku Chulu. Kwatentha, mvula ikungolonjeza.

Wailesi yanenetsa kuti mlimi aliyense wovutika walandira kuponi ya feteleza.

Nyimbo ya Khirisimasi ndakhala nayo milungu itatu, mzere womaliza ukundikanika. Ndinalemba iwiri: "Mwatikhutitsa, Ambuye" ndi "Tikudikirabe, Ambuye." Woyambawo umakoma m'khutu, ndipo abusa akanaukonda.

Masana ano tinauyesa ku kwaya. Mayi Nankhoma, amene mawu awo amanyamula nyimbo yonse, anangotseka pakamwa.

"Aphunzitsi, ine ndimanamiza mavenda a fodya, osati Mulungu," anatero.

Ndaufufuta. Wachiwiriwo tinauimba katatu, wina aliyense osayang'ana mnzake. Nyimbo yatha.

M'kwaya yonse kuponi yatuluka imodzi, ndipo thumba lake agawana mabanja anayi.