Botolo la Mankhwala a Bambo

Achimwene,

Ndikhulupirira inu ndi alamu muli bwino kumeneko. Kuno tilipo, koma bambo shuga uja sakuwapatsa mtendere.

Mwezi watha adokotala anawalemba pa kafukufuku wa mankhwala ochokera ku masamba a mtengo wina. Amamwa supuni imodzi m'mawa, kuwonjezera pa mapiritsi awo aja. Lachiwiri lililonse timakakhala pabenchi kuchipatala, kudikira kuti anamwino awabaye chala. Akuti odwala ena akulandira mankhwala enieni, ena madzi obiriwira chabe, ndipo ngakhale anamwinowo sadziwa kuti m'botolo lathu muli chiyani. Bambo amangoseka, amvekere: "Kuwawa konseku, angakhale madzi?"

Shuga watsikadi pang'ono. Koma chilonda cha kuphazi chija sichikupola, ndipo zala ziwiri zada bii. Dzulo adokotala anamasula bandeji n'kuyang'ana phazilo. Kenako ananditengera pakhonde n'kundifunsa kuti mwana wamkulu ali kuti. Zina zomwe ananena sindingathe kuzilemba, ndipo bambo sindinawauze. Iwo akuti ndikuuzeni kuti akuchira.

Nsapato munati muwatumizira zija, musagule kaye. Pemphani abwana anu, mufike kuno lisanakwane Lachisanu.

Ndine mlongo wanu.