Gogodela Yanu Ili kwa Wongani

Adada, kaya mukukhala bwanji kumeneko?

Kuno ku Area 25 tilipo. Mdzukulu wanu Tiwonge wabereka mwana wamwamuna, mphuno yake ndi yanu yeniyeni. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chinachita bwino, kungoti mbuzi za aneba zinatithandiza kukolola.

Chandilembetsa ndi mfuti yanu, gogodela ija munabwera nayo kuchokera ku Rumphi. Maliro atatha, abambo aang'ono anati munanena kuti ipite kwa mlongo wanga Wongani, poti ndiye mwamuna. Adada, munanenadi zimenezo? Wongani yemwe uja ankathawira kukhitchini mukangoitulutsa? Loweruka amene ankakhala nanu pakhonde, kansalu ka mafuta kali m'manja, ndinali ine. Munkati, "Lusungu, ukuthamangira kuti? Pukuta pang'onopang'ono."

Sindinganame, waikonza bwino, ndipo n'zimene zikundiwawa. Mtengo wake unali utadyeka ndi chiswe, ndiye anapita nayo ku Mchesi, akalipentala anasema wina wa mlombwa. Dzimbiri la pampope anapala yekha ndi sandipepa mpaka zala kutupa. Ndodo yosinjira wonga inatayika kalekale, amusulira ina. Wakailembetsa kupolisi, ndipo pano yapachikidwa pabalaza kwawo ku Area 49, ikungonyezimira vanishi. Akuluakulu a mpingo akabwera amaima manja kumbuyo n'kumati, "Uyu ndiye mwana wa a Gondwe." Ine ndili pomwepo, ndikuwathirira tiyi.

Mtengo wakale uja ndinakaupeza pamulu wa nkhuni kwa akalipentala. Pamene tsaya lanu linkakhudza pakadali pakuda. Ndinaukulunga m'chitenje, uli m'sutikesi mwanga. Nanga chatsala changa n'chiyani?

Lamulungu lapitali Wongani anabwera kunyumba. Anati, "Asisi, pa mwambo wa chipilala cha adada mwezi wamawa akuti ndifotokoze za mfutiyi. Kodi ankayamba kuthira chiyani, wonga kapena chipolopolo?"

Ndinati ndaiwala. Sindinaiwale, Adada. Ngakhale fungo la mafuta aja ndimalimvabe.

Anayang'ana zala zake zotupa zija. Kenako anati, "Inu ndiye ankakuuzani zonse. Ine pakhonde paja sanandiitanepo. Ndinkakusuzumirani pawindo la kukhitchini."

Anatsanzika osamwa n'komwe tiyi. Ine mtima sunafewe pomwepo ayi, nsanje sichoka ngati chimfine. Koma tsopano sindikudziwa kuti mwa ana anu awirife munamumana ndani.

Ndikulonjeza kuti Loweruka ndikwera minibasi kupita ku Area 49. Ndikamuuza aitsitse, tikhale pakhonde, ndimuonetse mmene munkachitira. Kansalu ka mafuta akagwira ndi iyeyo.

Ndimakukondanibe, ngakhale tili ndi mlandu woti tidzakambirane.

Ndine mwana wanu woyamba,
Lusungu